Mawu Opanda Chingwe

Yotamu wabwera ndi foni, magetsi atathima ku Kalingalinga,
akuti amayi, taonani agalu awa.
Dziko loyera ngati pansi pa chigayo,
agalu khumi ndi awiri, omangidwa awiriawiri,
akukoka ngolo yopanda mateyala,
kumbuyo kwaima munthu, ndevu zitauma ndi chisanu.
Alibe chikwapu. Alibe chingwe chowongolera.
Akangoti jii, mzere wonse ukukhotera kumanja,
akati hoo, kumanzere,
ndipo galu wakutsogolo sacheuka n'komwe,
makutu okha ndiwo amabwerera kukatenga mawuwo.

Bambo anga ali pampando wa pakhomo,
chaka chachinayi tsopano shuga atawadya maso.
Akuti bwezera, ndimve.
Amva. Aseka mpaka kutsokomola.
Akuti ameneyo wasokoneza, hoo ndi kuima,
Sitimela akanamva zimenezo
akanaima pakati pa munda n'kuyamba kubzikula.

Sitimela ndi Bulanketi, ng'ombe zathu za ku Chadiza,
zinagulitsidwa kuti ine ndilembe mayeso a giredi naini.
Koma mawu a bambo m'mamawa ndikuwamvabe:
tiye, tiye, mumzere iwe, khota, bwerera,
ndi kamluzu kena kamene kanandikanika kuphunzira.
Sankakuwa.
Ankati ng'ombe yokuwiridwa imamva mantha, mawu siimva.

Lachiwiri lililonse timapita kuchipatala chachikulu.
Dzanja langa amalikana,
akuti sindine mbuzi yopita kumsika.
Ndiye ndimatsalira phazi limodzi kumbuyo,
chikwama cha mankhwala paphewa,
n'kumayendetsa bambo anga ndi pakamwa.
Kumanja pang'ono, pali ngalande.
Imani, wilibala ya makala.
Kwezani phazi. Tiyeni.
Pasiteshoni oitanira mabasi akung'amba kukhosi,
tawuni, tawuni, Mtendere mmodzi watsala,
mahutala, mlaliki wa chimkuzamawu, mayi wa vitumbuwa,
ndipo m'phokoso lonselo iwo amatola liwu limodzi,
langali, lopyapyala,
khutu lakumanzere litapendekera kwa ine.

Mwezi watha ndinalakwitsa.
Ndinati kumanja ndikufuna kunena kumanzere,
mutu uli pa lendi.
Bondo lawo linakumana ndi chitsulo cha chikwangwani.
Magazi anatulukira pa buluku la kutchalitchi lija.
Sanandikalipire. Anangoima, ndodo patsogolo,
kudikira mawu ena.
Nditati tiyeni, anapita,
molunjika kumene ndinawauza,
ngati kuti pakamwa panga sipanawanamizepo.
Chimenecho ndicho chimandisowetsa tulo,
osati magaziwo.

Usiku uno akufunsa Yotamu:
nanga galu wakutsogoloyo
akauzidwa kukhotera pamene iye waona dzenje, amatani?
Yotamu sakudziwa. Bandulo yatha,
agalu aja auma pagalasi, miyendo ili m'malere.

Bambo akuti Sitimela ankakana.
Kamodzi, kudambo, udzu utatalika,
ndinati tiye katatu, iye njo, osasuntha.
Ndinamukwapula, ine amene sindinkakwapula.
Nditapita kukaona, panali chitsime chakale,
pakamwa pake patamera nsenjere.
Madzulo ndinamupatsa mchere m'dzanja,
anaunyambita osandiyang'ana.

Akhala chete. Jenereta ya kwa aneba yatsokomola, yazima.
Kenako atembenukira kumene akuganiza kuti ndili,
aphonya pang'ono, akulankhula ndi khoma:
Iwe Tisauke, tsiku lija ndinamva kuti walakwitsa,
mphepo ya msewu inali mbali inayo.
Ndinangoti ndisamuchititse manyazi mwana.
Ukadzabwereza ndidzaima ngati Sitimela.
Usadzandikwapule.

Ndikufuna kuseka nawo, kukhosi kwakana.
Ndingoti bambo, ndili kuno,
kumanzere pang'ono.
Nkhope yawo ikhota pang'onopang'ono mumdima,
n'kundipeza.